Dindani Apa

Ku ofesi ya zantchito pa boma la Kasungu
benchi inapendekeka mwendo umodzi.
Aka n'kachinayi kukhalapo,
pakati pa anthu a m'maesiteti a fodya:
uyu anapsa m'balani, uyo thirakitala inamuponda phazi.
Iwo akatchula kumene anavulalira
mlembi amadziwa ndi msewu wake womwe.
Ine ndikatchula kwanga, amaika bolopeni pansi.

Bambo Kamphinda, nyanja yake iti?

Yamchere, mayi, yopanda tsidya.

Sitimayo ndi ya dziko liti?

Mbendera inali ya dziko limene sindinalipondepo,
mwini wake wa dziko linanso.
Wondilemba ntchito anali ndi kaofesi ku Debeni,
pamwamba pa shopu ya mafoni.
Lero nambala yake imangolira
ngati nkhululu m'dzenje.

Tsikulo tinali titakoka ukonde kuyambira dzulo lake, osagona.
Magolovesi anga anang'ambika mu Epulo.
Ndinapempha ena, anati tikafika padoko.
Chotchingira makina okokera anachimasula kalekale,
akuti chimachedwetsa ntchito.
Waya sanaodire.
Anatenga chamanthu ndi mkombaphala
mmene mbuzi imabudulira nsonga ya chinangwa,
ndipo ndinaona golovesi ikuzungulira kawiri pampukutu
ululu usanandipeze.

Yotamu wa kwa Chulu anandimanga ndi malaya ake.
Wophika anathira mowa waukali pabala.
Sitima sinatembenuke,
pansi pake panali pasanadzaze nsomba.
Masiku asanu ndi anayi dzanja lili m'mwamba
ngati mwana wodziwa yankho
amene mphunzitsi sakumuloza.

Mayi Nachisale atsegula buku lachikuto chothothoka.
Muli mitengo ya thupi la munthu, mzere ndi mzere:
diso mwakuti, phazi mwakuti,
chala chachikulu chokwererapo kuposa zinzake.
Ndinasuzumira.
Sindinkadziwa kuti ndinabadwa ndi chuma chotere.
Koma bukuli, akutero, limathera pamalire.
Tilembera kumeneko. Mudikire.

Kudikira ndimadikirira ku Santhe.
Enelesi amasoka fodya m'chigafa yekha,
ine ndimangomupatsira masamba.
Mabatani a malaya amandimanga ndi Tiferanji wa sitandade fayifi,
amene anauza anzake kuti bambo ake zala anadyedwa ndi nsomba.
Ndinamusiya. Nsomba ndi nkhani yomveka.
Nyumba ija ndinaiyamba inaima pa mawindo,
njerwa zamera ndere.
Pa bawo amandifunsa moseka,
za azungu zija zafika?
Ndimatapa njombwa ndi zala zitatu,
zina zimagwera pansi.

Lero fomu yabwera, masamba asanu ndi limodzi, m'Chingerezi.
Ikufuna kalata ya dokotala wa m'sitima.
Dokotala wake anali wophika uja.
Ikufuna mboni ziwiri.
Mboni zanga zili pamadzi, zikukoka waya yemweyo.
Ndasaina ndi kumanzere, zilembo zikudzandira ngati zaledzera.

Sizikufanana ndi za pa kontirakiti, akutero mayi aja,
maso ali papepala.
Andikankhira kabokosi ka inki.
Ingodindani apa. Chachikulu cha kumanja.

Ndaika dzanja patebulo.

Fani yapadenga ikuzungulira.
Wa phazi uja wayang'ana kunja.
Mayi Nachisale avula magalasi,
awapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya bulauzi.

Pepani, bambo.

Palibe kanthu, mayi.
Chodindiracho chinatsala komweko
kumene mukuti buku lanu silifika.

Ndadinda ndi cha kumanzere,
iwo alemba mawu awiri m'mphepete ndi pensulo.

Pa depoti ndagula mayunitsi a faifi handiredi.
Ndikulembera Yotamu pang'onopang'ono,
adzawerenga sitima ikadzayandikira mtunda:
Mphwanga, chotchingira chija achibwezere.
Akakana, pinda manja, akutukwane.
Ndipo dzina la mwini sitima
ulilembe papepala, ulisokere m'thumba la buluku.

Inki sinaume.
Yatsala pagalasi la foni,
mizere yonse ikuoneka bwinobwino.